MAI WA KU KAUNDA SQUARE AWERENGA CAKA CATHUNTHU

Mai wina wogulitsa ndiwo zamasamba ku Kaunda Square mu Lusaka watha caka cathunthu akuwerenga buku limodzi mwezi uliwonse, ndipo phindu lace lafika mpaka kumudzi kwao ku Katete.

Maiyu anayamba ndi mabuku a sayansi. M'menemo anapeza kuti mu 1897 dotolo wochedwa Ronald Ross anaona tizirombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu. Kucokera pamenepo anakwirira zithaphwi zonse pakhomo pace.

M'nyengo yacisanu anatembenukira ku mbiri yakale. Anawerenga za cigaza ca munthu wamakedzana cimene cinafukulidwa m'mgodi wa ku Kabwe mu 1921, nicitengedwa kupita ku London. Anawerenganso buku la Dr Kenneth Kaunda la mu 1962, lochedwa Zambia Shall Be Free.

Koma cimene cinamgwira mtima koposa ndi nkhani za ufulu wa akazi, makamaka za Mama Julia Chikamoneka, amene mu 1960 anabvula malaya pamaso pa nduna ya Britain, Iain Macleod, poonetsa mkwiyo wa anthu ofuna kudzilamulira.

M'mabuku omwewo anamva kuti kuyambira mu 1997 Boma limalola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu. Pomwepo anatumiza mau kwa mlongo wace kumudzi, amene anali kufuna kukwatitsa mwana wace wocembeza. Akubanja anakhala pansi nakambirana, ndipo lero mtsikanayo ali m'kalasi, khanda likuleredwa ndi ambuye ace.