Mputa, chinsomba chomwe chinasintha nyanja ya Victoria

Pa nyanja ya Victoria pali nsomba yoti ikakhwima, msodzi mmodzi sangaikweze yekha m'boti. Ku Uganda amaitcha mputa, Aluo a ku Kenya amati mbuta, ku Tanzania ndi sangara, ndipo pa Chingerezi ndi Nile perch. Imatha kutalika pafupifupi mamita awiri. Ina yomwe inawedzwa pa nyanja ya Nasser ku Egypt m'chaka cha 2000 inalemera makilogalamu 104. Mamba ake ndi otuwa mwasiliva, diso lakuda lozunguliridwa ndi kamzere kachikasu, kukamwa kwake kotakata moti nsomba inzake imangoimeza yathunthu.

Asodzi ambiri amaigwira ndi matchera a maso akuluakulu kapena chingwe chachitali chokhala ndi mbedza mazanamazana. Nyambo yabwino ndi yamoyo, makamaka timilamba ting'onoting'ono, chifukwa mputa imakopeka ndi chinthu chophiriphitha. Amatchera madzulo, n'kukawonjola m'bandakucha. Owedza mongosangalala amapita kunsi kwa mathithi a Murchison pa mtsinje wa Nile ku Uganda, kapena ku Nasser komwe amakoka nyambo yapulasitiki kumbuyo kwa boti. Ikakodwa imathawira pansi ndi mphamvu zonse, kenako n'kuvuuka, n'kudumpha ikupukusa mutu kukamwa kuli yasaa, kuti mbedza ichoke. Pamakha pake pali minga yakuthwa yocheka chingwe ngakhale dzanja la munthu wosasamala.

Chomwe chimandivuta mumtima n'chakuti kwawo kwa nsombayi si ku Victoria. Kwawo ndi mtsinje wa Nile ndi nyanja monga Albert ndi Turkana. Anthu ndiwo anaithira mu Victoria m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya atsamunda, poganiza kuti izidya tinsomba tomwe ankationa ngati topanda phindu. Kwa zaka zambiri inali zii. M'ma 1980 inaswana modabwitsa, ndipo mwa mitundu pafupifupi 500 ya tinsomba totchedwa furu, mitundu yokwana ngati 200 inasowa. Tinsomba timeneti ndi abale a utaka ndi mbuna za m'nyanja ya Malawi, zomwe zinachititsa kuti UNESCO iike malo otetezedwa a ku Cape Maclear pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. N'chifukwa chake ine ndikamva wina akuti tithireko nsomba yachilendo kwathu kuno kuti tizigwira zikuluzikulu, thupi limachita tsemwe.

Ndalama zokha mputa inabweretsa, izi sindingatsutse. Ku Mwanza, Kisumu ndi Jinja kunamangidwa mafakitale osenda mnofu wake n'kuutumiza pa ndege ku Ulaya. Koma pitani kuseri kwa fakitale mukaone chotsalira eni nyanja: mutu ndi msana wa minga, zomwe ku Kenya amati mgongo wazi. Amayi amazigula, kuzikazinga m'mafuta ake omwe, n'kumagulitsa m'misika. Komanso poti ndi nsomba yonona kwambiri, siyanikika padzuwa ngati usipa. Imafuna kuwamba, ndipo nkhuni zake zinatha mitengo yambiri m'zilumba ndi m'mbali mwa nyanja.

Masiku ano chodula kwambiri mu mputa ndi kathumba ka mpweya ka m'mimba mwake, komwe Aswahili amati bondo. Akakaumitsa kamapita ku Hong Kong ndi China kukaphikidwa msuzi, ndipo pa kilogalamu mtengo wake umaposa wa mnofu kutalitali. Nsomba ikakula bondo lakenso limakwera mtengo, choncho asodzi amasaka zikuluzikulu zomwe, pomwe zambiri mwa izo ndi zazikazi zoikira mazira. Bungwe la Lake Victoria Fisheries Organization, lomwe likulu lake lili ku Jinja, linakhazikitsa muyeso woti pazigwidwa za pakati pa masentimita 50 ndi 85, ndipo mu 2017 boma la Uganda linachita kutumiza asilikali panyanja kukalanda ndi kutentha maukonde oletsedwa.