MANGO NDI NSINJIRO ZIYENDERE PAMODZI

Mwezi wa December ukafika, mitengo ya mango m'midzi ya ku Zemba, m'boma la Chadiza, imalemedwa ndi zipatso ndipo ana amadya mpaka kukhuta. Koma makolo ayenera kudziwa kuti ubwino wa cipatso sumalowa wonse m'magazi. Wina umangopyola m'mimba n'kutayika.

Mtundu wacikasu umene timaona m'mango akupsa, m'mapapaya ndi m'maungu umacokera ku cinthu cimene akatswiri amacicha karotini. Karotini amachinjiriza thupi kuti lisaonongeke m'kati, ndiponso thupi limamsandutsa vitamini A. Mwana wosowa vitamini ameneyu saona bwino kukada, ndipo akadwala cikuku kapena kutsegula m'mimba, matendawo amakula msanga.

Vuto lake nali: karotini sasungunuka m'madzi, amasungunuka m'mafuta. Cakudya cikafika m'matumbo, ndulu imaphwanya mafuta kukhala timadontho tosaoneka ndi maso. Timadonthoti timakuta karotini ndi kumuolotsa khoma la matumbo, kenaka ciwindi cimasunga vitamini A kwa miyezi ingapo. Popanda mafuta m'cakudya, wolowa m'thupi amakhala wocepa.

Akatswiri a zakudya anatengera nzeru yomweyi ya kukuta. Popeza vitamini A amaonongeka ndi mpweya, dzuwa ndi kutentha, iwo amamtsekera m'timibulu ting'onoting'ono tokhala ndi cikuto cimene cimasungunuka cikalowa m'mimba. Dziko la Guatemala linayamba kumata timibulu totere pa shuga m'zaka za m'ma 1970, ndipo Zambia inayamba kucita cimodzimodzi m'caka ca 1998. Makapisozi ofiira ndi obiriwira ngati thambo amene anamwino amadulira ana a miyezi 6 kufikira zaka 5 nawonso ndi vitamini A wa m'mafuta, wotsekeredwa kuti asaonongeke. Lero m'maiko ambiri akatswiri akuyesa kukuta karotini wa m'zipatso ndi mafuta, ulimbo wa mitengo ndi zina zotero.

Tsono mlimi wa ku Zemba asayembekeze fakitale, pakuti mafutawo ali kale m'nkhokwe yake. Pafupifupi theka la kulemera kwa nshawa ndi mafuta. Mayi akamphikira mwana phala la nsinjiro n'kusakanizamo mango kapena papaya wofinya, wacita nchito yaikulu. Ana okulirapo adye zipatso atangomaliza nsima ya ciwawa cotendera, kapena adye pamodzi ndi cimponde. Shuga wambiri amaononga mano, motero asalowe m'malo mwa zipatso.

Mango akaculuka musawasiye aolere pansi. Asendeni, acekeni mopyapyala ndi kuwayanika pa thandala laukhondo pamthunzi popita mphepo, cifukwa dzuwa loomba mwacindunji limaononga karotini. Akauma asungeni m'cotengera cotseka bwino, adzathandize ana mango atatha m'mitengo.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Cipatso naconso cifuna mnzake, ndipo mnzakeyo ndi nsinjiro.