Cikombole Cabwino Cibala Boneti Labwino

Woumba njerwa ali yense adziwa kuti cikombole cikakhala cokhota, njerwa zonse zituruka zokhota. Lamulo lomweli ligwiranso nchito kwa amisiri amene apanga maboneti ndi ziwalo zina za thupi la galimoto ndi nsaru ya ulusi wa kaboni.

Ulusi umenewu ndi wakuda, ndiponso wopyapyala kopambana tsitsi la munthu. Ukalukidwa ngati nsaru ndi kunyowetsedwa ndi utomoni wochedwa epoxy, uuma nukhala wolimba kwambiri, koma wopepuka kopambana citsulo. Akatswiri a ku Farnborough, ku England, anapeza njira yopangira ulusi wolimba wotere m'caka ca 1963, ndipo mu 1981 kampani ya McLaren inaturutsa galimoto ya mpikisano, MP4/1, imene thupi lace linali la kaboni. Masiku ano ngakhale mmisiri wa m'garaja laling'ono akhoza kuyesa nchitoyi. Koma nsaruyo ndi yokwera mtengo, ndipo ingotsata maonekedwe a cikombole. Cikombole cikalakwika, ndalama zonse zapita m'madzi.

Coyamba, pafunika citsanzo. Ici cikhoza kukhala boneti lakale, kapena cinthu cosemedwa ndi mtengo. Maenje onse atsekedwe, ndipo citsanzoco cipalidwe ndi sandipepala, kuyambira wokhakhala kufikira wosalala wa nambala 1200 kapena 2000, kenaka cipukutidwe mpaka ciwale. Kamzere kali konse kotsala pamenepa kadzaoneka m'cikombole, ndi m'ciwalo ciri conse cidzaturukamo. Nthawi yambiri ya nchitoyi ithera pano, ndipo ndi pamene ophunzira ambiri atopera msanga. Akuru anati fulumira adadya gaga.

Caciwiri, mmisiri ayang'ane m'mene cinthuco cidzaturukire. Njerwa ituruka bwino cifukwa palibe coikola. Ngati citsanzo ciri ndi mbali yopindikira m'kati, cidzakanirira. Pamenepo cikombole ciyenera kupangidwa ca zigawo ziwiri zomangirira ndi mabauti. Ndi bwinonso kuika matabwa opyapyala kuzungulira m'mphepete monse, kuti cikombole cikhale ndi mlomo wotambalala. Mlomo umenewu ndiwo udzagwira thumba la pulasitiki limene apopamo mpweya wonse kuti nsaru ikanikizike bwino.

Cacitatu ndi phula loletsa kumamatira. Utomoni ugwira kopambana ulimbo, cotero citsanzo cipakidwe phula lopangidwira nchitoyi kasanu kapena kupitirira, ndi kupukutidwa nthawi iri yonse phulalo litauma. Wosiya kamalo kamodzi kosapaka adzaswa cikombole ndi citsanzo comwe pofuna kuzilekanitsa.

Tsopano cikombole ceniceni ciyamba. Ici sicifuna kaboni ai. Nsaru ya ulusi wa galasi, imene iri yochipa, ikwanira. Poyamba apaka utomoni wokhuthala wochedwa gelcoat, wocindikala ngati theka la milimita, nadikira kufikira utayamba kunanda ku cala koma osacidetsa. Pamwamba pace ayala nsaru yopyapyala, naisindikiza ndi burashi kufikira timathovu tonse ta mpweya titatha, makamaka m'ngondya, pakuti thovu lobisika lidzaboola nkhope ya cikombole m'tsogolo. Zitatero aonjeza nsaru zina, ziwiri kapena zitatu pa nthawi imodzi. Cifukwa cace ndi ici: utomoni uturutsa kutentha pamene uli kuuma, ndipo nsaru zikacuruka nthawi imodzi kutenthako kupotoza cikombole. Mankhwala oumitsa ayesedwe pa sikelo monga mwa malangizo a pa citini, osati mwa kungoganizira. Potsiriza amata nthiti za mtengo kapena za citsulo kumbuyo kuti cisapindike.

Cikombole cisiyidwe pa citsanzo kufikira citauma ndithu, ngakhale papite masiku angapo. Pocicotsa agwiritsa nchito timitengo tosongola kapena tizidutswa ta pulasitiki, pang'ono pang'ono kuzungulira mlomo wonse. Citsulo cakuthwa cikanda nkhope yace. Wofuna kudzagwiritsa nchito nsaru ija ya kaboni yobwera yonyowa kale ndi utomoni, imene iumitsidwa mu uvuni pa kutentha kwa madigiri ngati 120, agule utomoni wa cikombole wopirira kutentha kotero, pakuti wamba ufewa.

Za moyo nazo nzofunika. Anthu a ku migodi adziwa bwino cimene pfumbi licita m'cifuwa ca munthu. Pfumbi la galasi ndi la kaboni nalonso ndi loopsa, cotero wopala kapena kudula abvale cophimba mphuno ndi pakamwa, pamodzi ndi magalasi a maso. Epoxy ikakhudza khungu kawiri kawiri ibweretsa zotupa zoyabwa, cifukwa cace magolovesi asaiwalike, ndipo nchito icitikire pamalo popita mphepo. Pfumbi la kaboni lipititsanso magetsi, ndipo likhoza kuononga makina amene lilowamo.

Wophunzira ayambe ndi kanthu kakang'ono, monga cophimba kalirole wa pambali, kuti akalakwa atayepo zocepa. Ziwalo zimene zinyamula galimoto kapena kuchinjiriza anthu pa ngozi azisiyire mainjiniya okhala ndi zipangizo zoyesera kulimba kwace.