N'chifukwa Chiyani Tchire Likadalipo Pakati pa Lilongwe?

Munthu akamachoka ku Old Town kupita ku City Centre, kapena kupitirira mpaka ku Kanengo, amadutsa malo aakulu ongomera udzu, ena olimidwa chimanga dzinja likafika, pomwe ku Mtandire, ku Mgona ndi ku Chinsapo nyumba zathithikana moti ngakhale pokumba chimbudzi pamasowa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzindawu, ndipo akuchulukirabe. Ambiri akaona tchirelo amati boma likugona. Koma tchire la mu Lilongwe si la mtundu umodzi, ndipo loyenera kutidetsa nkhawa kwambiri ndi lija lili kale ndi mwini wake.

Lina linasiyidwa dala. Boma la Kamuzu Banda litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, zomwe zinatheka mu 1975, linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968 kuti limange mzinda watsopano. Mapulani ake anali a mzinda wotakasuka, wa mitengo yambiri, wa zigawo zotalikirana: Old Town, Capital Hill, Kanengo ya mafakitale, kenaka Lumbadzi kufupi ndi bwalo la ndege. Mipata ya pakati inasungidwa kuti mzinda udzakuliremo. Nkhalango ya Nature Sanctuary m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi ndi yotetezedwa, ndipo m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje simuyenera kumangidwa. Amene akukayika akumbukire momwe madzi a Lingadzi analowera m'nyumba ku Mtandire mu 2017.

Malo ena akudikira ndondomeko. Mu Lilongwe mulibe mwini nthaka mmodzi. Unduna wa za Malo uli ndi zigawo zake, Malawi Housing Corporation zake, khonsolo ya mzinda zakenso. Tchire lisanasanduke mapuloti, akatswiri a mapulani amayamba avomereza kuti pamenepo padzakhala nyumba, masitolo kapena sukulu. Oyeza malo amakhoma mabikoni, misewu imalambulidwa, ndipo pamafunika mapaipi a Lilongwe Water Board ndi mapolo a ESCOM. Zonsezi zimafuna ndalama puloti isanabweretse tambala ndi imodzi yomwe, ndiye ntchito imayenda pang'onopang'ono kapena kuima kumene. Wopempha puloti akalandira kalata yomupatsa malo amalipira ndalama za chitukuko cha malowo, amatenga lizi, kawirikawiri ya zaka 99, kenaka amapereka pulani ya nyumba ku khonsolo kuti ivomerezedwe. Ngati pamalopo pali anthu amene akhala akulimapo kuyambira kale, pamabukanso nkhani ya chipukuta misozi, ndipo ikalowa kukhoti njerwa siyikidwa mpaka mlandu uthe.

Tsono pali malo oti zonsezi zinatheka kale, msewu ulipo, magetsi akudutsa pamwamba, koma chomwe chinamangidwa ndi mpanda wa njerwa ndi kanyumba ka mlonda, mkati muli chimanga ndi maungu. Apa vuto si ndondomeko, ndi masamu a mwini wake. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama yosungidwa kubanki imasungunuka, simenti ndi malata zimakwera, ngongole ya kubanki ili ndi chiwongoladzanja choopsa, pomwe puloti imangokwera mtengo mwini wake ali phee, chifukwa ena akumanga mozungulira ndipo boma likuika tala. Msonkho wa khonsolo nawo umawerengedwa pa mtengo wa malo pamodzi ndi zomangidwapo, kutanthauza kuti womanga amalipira zambiri kuposa wongosunga tchire. Munthu wodziwa kuwerengera phindu angathamangire chiyani kumanga?

Ena amati malo ndi ake, achite nawo zomwe akufuna. Pa malo a lizi mawuwa sakwanira. Nthaka idakali ya boma, ndipo lizi imabwera ndi pangano loti wolandirayo amange m'nthawi yoikika, akalephera boma lili ndi mphamvu yolanda malowo n'kupatsa wina. Mphamvuyi ilipo m'malamulo, koma ikanamagwiritsidwa ntchito mokwanira mipanda yopanda nyumba sikanachuluka chotere. N'zoona kuti si aliyense wosamanga ndi wongodikira phindu. Alipo aphunzitsi ndi anamwino amene amaumba njerwa chaka chino, maziko chaka chamawa, ndipo kuwalanda kungakhale nkhanza. Koma kusiyanitsa munthu wa puloti imodzi yomwe maziko ayamba ndi munthu wa mapuloti ambiri opanda kanthu si ntchito yovuta kwa ofesi yomwe imasunga kaundula wa malo.

Enanso amati osowa pokhala angolowa n'kumanga. Njira imeneyi imapweteka osaukawo, chifukwa amagula kwa madobadoba opanda mapepala, ndipo tsiku lomwe mwini lizi wabwera ndi chiletso cha khoti, nyumba yogwetsedwa imakhala yawo. Pakadali pano mtengo wa tchire losungidwalo akulipira ndi amene akankhidwira kunja kwa mzinda, ku Njewa kapena ku Chitedze, komwe amakwera minibasi ziwiri popita kuntchito, ndipo mapaipi a madzi amayenera kudumpha mapuloti opanda anthu kuti akawapeze.