Fumbi la Manyowa ndi Vuto la Kumeza

Alimi ambiri amatapa zitosi za nkhuku m'makola ndi za mileme m'mapanga kuti akathire m'dimba. Manyowa amenewa ngamphamvu ndithu, koma dothi limene zitosi zakhalitsapo limatha kusunga chuku chotchedwa Histoplasma capsulatum. Matenda ake anawafotokoza koyamba Samuel Darling ku Panama m'chaka cha 1906.

Pokumba manyowa ouma, timbewu ta chukuchi timauluka ndi fumbi n'kulowa m'mapapo. Anthu ambiri sadwala konse. Ena amatentha thupi, kutsokomola ndi kufooka pakapita masiku 3 mpaka 17. Mwa anthu owerengeka, anabele a pakati pa mapapo amatupa, kapena mnofu wa pamenepo umalimba ngati chipsera, n'kupanikiza njira ya chakudya. Zikatero nsima imaima pachifuwa, ndipo wodwala amayamba kuwonda.

Matendawa amafanana ndi chifuwa chachikulu, koma mankhwala a chifuwacho sapha chuku. Madokotala amapereka itraconazole, kapena amphotericin B wodwala akadwalika. Chipsera chikakhwima sichimvanso mankhwalawa. Sapatsirana, koma amaopsa kwambiri kwa amene chitetezo cha m'thupi chatsika ndi kachirombo ka HIV.

Choncho alangizi akumbutse alimi kuwaza madzi pa manyowa asanawatape, ndi kuvala chotchinga mphuno ndi pakamwa chothina bwino. Mlimi wovutika kumeza apite msanga kuchipatala, akanene kumene anagwira ntchito, popeza khansa ya kummero nayo imayamba chimodzimodzi.