Njira ya ku Koleji Imayambira ku Fomu 1

Pamene Boma lidalengeza m'chaka cha 2020 kuti lathetsa njira yosankhira ophunzira opita ku yunivesite potengera maboma amene akuchokera, ija ambiri ankaitcha kota, anthu ochuluka adaomba m'manja. Ifenso tidavomereza, pakuti nkosayenera kuti mwana amene wakhoza bwino atsale pakhomo chifukwa cha dzina la boma la makolo ake. Koma tifuna kukumbutsa a Malawi anzathu kuti mwana sasankhidwa tsiku limene maina atuluka ayi. Amasankhidwa zaka zinayi m'mbuyo mwake, tsiku limene wauzidwa sukulu ya sekondale yoti akayambeko Fomu 1.

Lamulo lolowera ku yunivesite za Boma ndi lodziwika kwa kholo lililonse. Wophunzira ayenera kupeza makirediti 6 pa mayeso a MSCE, kuphatikizapo Chingerezi. Koma popeza malo ngochepa, makirediti okhawo sakwanira, ndipo amene afuna udokotala kapena uinjiniya ayenera kukhoza kwambiri masamu ndi maphunziro a sayansi. Tsono tifunse: kodi maphunziro amenewa amaphunzitsidwa mofanana m'sukulu zonse za m'dziko muno?

Yunivesite ya Malawi itayamba kuphunzitsa ku Chichiri m'chaka cha 1965, ophunzira ake adali pafupifupi 90 okha. Sukulu za sekondale zidali zowerengeka, monga ya ku Blantyre, ya Boma ya ku Dedza ndi zina za mishoni, ndipo mwana wofika kumeneko ankapeza mabuku, chipinda choyeseramo sayansi ndi mphunzitsi wodziwa ntchito yake. Khomo lidali lopapatiza zedi, ndipo sitikulilakalaka, pakuti ana ambiri anzeru adatsalira pa Sitandade 8.

Zinthu zidasintha mu 1994 pamene maphunziro a pulaimale adakhala aulere. Ana a m'sukulu adachuluka mwadzidzidzi kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ana amenewa adayenera kupita kwina akatsiriza, kotero mu 1998 Boma lidasandutsa malo ophunzirira a MCDE kukhala sukulu za sekondale zoyendera, zija timazitcha CDSS. Cholinga chidali chabwino, koma dzina lidasintha msanga kuposa nyumba. Zambiri mwa sukuluzi zidayamba popanda chipinda cha sayansi, popanda nyumba yowerengeramo mabuku, ndipo aphunzitsi ambiri adatengedwa ku pulaimale osaphunzitsidwa kaye ntchito ya ku sekondale. Ife amene tidadzera ku koleji ya uphunzitsi sitikunyoza anzathuwa. Munthu wopatsidwa khasu kuti adule mtengo salakwa mtengowo ukapanda kugwa.

Lero ana ambiri a sekondale za Boma ali m'sukulu zoyenderazi. Mtsikana amene ayenda mtunda wautali m'mawa, nabwerera madzulo kukatunga madzi, amalemba pepala limodzimodzi la MANEB ndi mnzake wa sukulu yogonera konko amene amawerenga pa magetsi usiku uliwonse. Wina adayesa yekha mankhwala m'botolo, wina adangoona chithunzi chake pa bolodi. Zotsatira zikatuluka, timati woyamba ngwanzeru.

Nzoona kuti malo aonjezeka. Mzuzu idabwera, kenaka LUANAR ndi MUST ya ku Thyolo, ndipo mu 2021 Yunivesite ya Malawi idagawidwa, nkubadwa MUBAS ndi KUHeS. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira nalonso lilipo. Zonsezi zimathandiza mwana amene wafika kale pakhomo la koleji.

Pempho lathu ku Unduna wa Maphunziro ndi lakuti ndalama zachitukuko zipite kaye ku Fomu 1 ndi Fomu 2 ya sukulu za kumidzi. Aphunzitsi a masamu ndi sayansi otuluka ku Domasi ndi ku Nalikule atumizidwe kumeneko, ndipo amangiridwe nyumba, chifukwa mphunzitsi wosowa pogona sachedwa kupempha kuti amsamutsire m'tauni. Bungwe la NCHE nalo, potulutsa maina a osankhidwa chaka ndi chaka, lizifotokozera makolo m'Chichewa, pa wailesi, kuti ndi angati achokera ku CDSS, angati ku sukulu zogonera konko, ndiponso angati mwa ana a ku CDSS alowa maphunziro a udokotala ndi uinjiniya.