Mapedulo a njinga za m'mapiri: ndi ati oyenera kusankha?

Munthu amene amachova njinga m'njira za miyala, monga za m'mapiri ozungulira mzinda wa Chipata, adziwa kuti phazi likapulumuka pa pedulo potsika phiri, ngozi siikhala patali. Cifukwa ca ici, kusankha mapedulo si nkhani yaing'ono.

Pali mitundu iwiri ikuluikulu. Woyamba ndi wa mapedulo otambalala, okhala ndi timisomali tomwe timagwira kunsi kwa nsapato. Ubwino wake ndi wakuti njinga ikayamba kuterereka, wochova amaponda pansi msanga. Mapedulowa safuna nsapato zapadera, ngakhale kuti za mphira wofewa zimagwira bwino koposa. Kuipa kwake ndi kwakuti phazi likadumpha, timisomali tija timatema mwendo kunsi kwa bondo.

Mtundu waciwiri ndi wa mapedulo omwe amagwira nsapato. Kunsi kwa nsapato kumamangidwa kacitsulo ndi mabauti awiri, ndipo wochova akaponda, kacitsuloko kamakodwa mu pedulo. Pofuna kucotsa phazi, amapotolera cidendene kunja. Kampani ya Look ya ku France inachukitsa njira imeneyi pa njinga za m'miseu ya tala m'caka ca 1984, ndipo mu 1990 kampani ya Shimano ya ku Japan inatulutsa mapedulo ochedwa SPD, opangidwira njinga za m'mapiri.

Ndi mapedulo otere, phazi silicoka pamalo pake ngakhale njira ikhale ya mabampu, ndipo n'cifukwa cake ocita mipikisano yokwera zitunda amawakonda. Komabe ophunzira ambiri amagwa poimirira, cifukwa coiwala kupotola cidendene. M'nyengo ya dzinja matope amatseka pokodwera kacitsulo. Ndalama nazonso zimapita zambiri, popeza munthu afunika kugula mapedulo pamodzi ndi nsapato zake.

Koma mapedulo otambalala si a ophunzira okha. Sam Hill wa ku Australia anakhala katswiri wa dziko lonse pa mpikisano wotsika mapiri mu 2007 ndi 2010, akuchova ndi mapedulo amenewa.

Motero munthu amene akuyamba kumene, kapena amene amasewenzetsa njinga imodzimodziyo popita kumunda ndi kumsika, acita bwino kusankha otambalala. Amene wazolowera ndipo afuna kupikisana pa mitunda yaitali angayese ogwira nsapato, koma ayambe waphunzira kucotsa phazi pabwalo la udzu, atamasulako sipuling'i ya pedulo.

Pomanga mapedulo, kumbukirani kuti ya kumanja ili ndi cilembo ca R ndipo ya kumanzere ca L. Ya kumanzere imamangidwa mozungulira cobwerera, mosiyana ndi bauti wamba. Pakani girisi pang'ono, yambani kumanga ndi dzanja, ndipo mutsirize ndi sipanala, yomwe nthawi zambiri imakhala ya mamilimita 15. Kukakamiza pedulo kumbali yolakwika kumaononga mazinga ake, ndipo njinga ikhoza kufuna citsulo cina catsopano.